Matenda a Shuga ndi Chakudya cha pa Ulendo

Tsiku lopita ku chipatala ndi tsiku lovuta kwa munthu wobaya insulin. Amadzuka tambala woyamba, amayenda mtunda wautali kapena kupalasa njinga, ndipo akafika amapeza mzere wa anthu. Pofika masana njala imakhala itamugwira, ndipo zimene zili pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, dengu la mandasi ndi zakumwa za m'mabotolo. Chakudya chimene angasankhe pa nthaŵi imeneyo chingathe kumufikitsa kwawo ali bwino kapena kumugwetsa panjira.

Zimene zimachitika m'thupi

Matenda a shuga a mtundu woyamba amayamba kaŵirikaŵiri munthu akadali mwana kapena wachinyamata. Sabwera chifukwa chodya shuga wambiri, ndiponso sabwera ndi ufiti. Chimene chimachitika n'chakuti kapamba amaleka kupanga insulin. Nsima, mpunga, buledi, mbatata ndi chinangwa zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amaloŵa m'magazi, ndipo insulin ndiye amachititsa kuti shugayo aloŵe m'minofu n'kupatsa thupi mphamvu. Kale ana odwala matendaŵa sankakhala ndi moyo nthaŵi yaitali. Zinthu zinasintha pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulin ku Toronto, m'dziko la Canada, m'chaka cha 1921, ndipo wodwala woyamba anabayidwa mankhwalaŵa mu 1922.

Koma insulin wobaya sadziŵa ngati munthu wadya kapena ayi. Akangoloŵa m'thupi amagwira ntchito yake basi. Chakudya chikachedwa kapena chikachepa, shuga amatsika koposa. Chikachuluka, shuga amakwera. Kuyenda mtunda wautali nakonso kumatsitsa shuga. N'chifukwa chake wodwala ayenera kusamala zinthu ziŵiri: muyeso wa chakudya ndi nthaŵi yodyera.

Magulu atatu a zakudya za pamsika

Gulu loyamba ndi la zotsekemera, monga zakumwa za m'mabotolo, thobwa lothira shuga, tiyi wa shuga, nzimbe ndi masiwiti. Izi zimakweza shuga m'mphindi zoŵerengeka. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera lingathe kukhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 8. Wodwala akamva ludzu amwe madzi abwino.

Gulu lachiŵiri ndi la zokazinga, monga tchipisi, mandasi, zitumbuwa ndi chinangwa chokazinga. Anthu ambiri amayesa kuti tchipisi n'chabwino popeza sichitsekemera. Zoona zake n'zakuti mbatatesi, ufa ndi chinangwa zimasanduka shuga monga momwe imachitira nsima. Kuwonjezera apo, mafuta amachedwetsa chakudya kugayika, kotero kuti shuga angathe kukwera patapita maola angapo, munthu atafika kale kunyumba. Ngati palibe chakudya china, wodwala agule mbale yaing'ono ya tchipisi, aike kabichi ndi tomato wambiri, ndipo adziŵe kuti mbaleyo yaloŵa m'malo mwa nsima ya masana.

Gulu lachitatu ndi la zakudya zimene sizikweza shuga kwambiri, monga mazira oŵiritsa, mtedza, usipa, kanyenya, mapeyala ndi ndiwo zamasamba. Izi n'zothandiza kupha njala, koma pazokha sizikwanira kwa munthu amene wabaya kale insulin. Ayenera kudyanso china cha ufa kapena cha mizu, monga chimanga chowotcha kapena mbatata yophika.

Chakudya choyenera koposa pa ulendo ndi chofanana ndi cha kunyumba. Wodwala akaloŵa m'nyumba yodyera aitanitse nsima, makamaka ya mgaiwa, pa muyeso umene amadya tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi nyemba kapena nsomba ndi masamba. Asankhe chakudya chotentha ndi chovundikira, asambenso m'manja ndi sopo, pakuti kutsekula m'mimba ndi kusanza kumasokoneza shuga kwambiri.

Nthaŵi yobaya ndi nthaŵi yodya

Insulin wooneka ngati madzi, amene ku chipatala amamutcha soluble, amabayidwa patatsala mphindi pafupifupi 30 kuti munthu adye. Choncho wodwala asabaye asanatsimikize kuti chakudya chapsa, chifukwa m'nyumba zodyera nsima imatha kuchedwa. Insulin wooneka ngati mkaka amagwira ntchito maola ambiri, ndipo wobayidwa m'maŵa amakhala ndi mphamvu zambiri chakumasana. Amene wabaya insulin ameneyu asadumphe chakudya cha masana ngakhale mzere utalike bwanji. Ngati wauzidwa kuti abwere kudzayezetsa magazi asanadye kanthu, afunsiretu kwa namwino kapena dokotala mmene achitire ndi jakisoni wa m'maŵa umenewo. Asasinthe yekha muyeso wa insulin, ndipo asaleke kubaya.

Shuga akatsika panjira

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Wodwala asachoke pakhomo wopanda kamba wa pa ulendo ndi shuga pang'ono womanga m'kapepala. Zizindikiro za kutsika kwa shuga ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, kuthamanga kwa mtima, chizungulire ndi kulankhula ngati woledzera. Pa makina oyezera, shuga amakhala atatsika akafika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL.

Zikatero, wodwala akhale pansi ndipo amwe masipuni a tiyi 4 a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera. Apa m'pamene chakumwa chija chimasanduka mankhwala. Zakumwa zolembedwa kuti mulibe shuga sizithandiza, ndipo tchipisi ndi mandasi zimachedwa kugwira ntchito chifukwa cha mafuta. Pakatha mphindi 15 osapeza bwino, abwerezenso. Akapeza bwino adye chakudya chenicheni asanapitirize ulendo.

Ngati wakomoka, anthu asamuthire chakumwa m'kamwa chifukwa angatsamwe. Amugoneke cham'mbali, amupake shuga pang'ono mkati mwa tsaya, n'kuthamangira naye ku chipatala. Woperekeza wodwala ayenera kudziŵa zimenezi asananyamuke. Moŵa ndi woopsa chifukwa ungathe kutsitsa shuga patapita maola ambiri, ndipo anthu angaganize kuti wodwalayo wangoledzera.

Shuga akakwera

Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kufooka zimasonyeza kuti shuga wakwera. Wodwala amwe madzi ambiri ndipo apitirize kubaya monga anauzidwira. Akayamba kusanza, kumva kupweteka m'mimba kapena kupuma mwaphuma, apite ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani tchipisi chimakweza shuga ngakhale kuti sichitsekemera?
2. Ndi nthaŵi iti pamene wodwala shuga ayenera kumwa chakumwa chotsekemera?
3. Kodi woperekeza achite chiyani wodwala akakomoka panjira?
4. Ndi zakudya ziti za pamsika wapafupi zimene zingakhale kamba wabwino wa wodwala shuga?