Mlandu suwola: phunziro lochokera m'minda ya tiyi ku Mulanje

Mvula ikayamba ku Mulanje, tiyi amaphukira mofulumira ndipo maesiteti amafuna anthu ambiri othyola. Amayi amalawirira m'bandakucha, dengu kumsana, kukalowa m'mizere yonyowa ndi mame m'munsi mwa phiri. Ambiri mwa iwo ndi olembedwa panyengo chabe. Dzinja likatha ntchito yatha, ndipo kuti adzalembedwenso chaka chamawa zimadalira kwambiri pakamwa pa kapitawo. Ndiye amagawa mizere, amalemba amene wajomba, amanena amene ndi wolimbikira ndi amene ndi waulesi. Pamaso pa eni kampani udindo wake ndi wochepa, koma kwa mayi amene ana ake akudikira ndalama ya makilogalamu a tsikulo, kapitawo wagwira mpeni kumpini.

Nkhani za zimene ena mwa amuna a maudindo otere ankachita zidakhala zaka zambiri zikungonong'onedwa kuchitsime ndi m'njira yobwerera kumudzi. Kenaka zidakafika kukhoti ku London. Amayi 36 omwe adagwirapo ntchito m'minda ya Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi ku Thyolo adasumira Camellia, kampani ya ku Britain yomwe ndi mwini wake wa mindayo, kudzera mwa maloya a Leigh Day. Iwo adati ankachitidwa nkhanza zokhudza kugonana pantchito, ena mpaka kugwiriridwa. Mu Febuluwale 2021 mbali ziwirizi zidagwirizana kuthetsa nkhaniyo kunja kwa khoti. Kampaniyo sidavomere kulakwa, koma idatulutsa mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo zolipira maloya, ndipo idalonjeza njira zatsopano zotetezera amayi ndi maphunziro oti nawonso azikwera pamaudindo.

Amayi ena 31 omwe adagwira ntchito ku Lujeri Tea Estates adasumiranso PGI Group, mwini wake wa Lujeri. Mwa iwo, 10 adati adagwiriridwa, ndipo ena adati adatenga kachilombo ka HIV kapena pathupi. Kampaniyo idakana mlandu, nipempha khoti kuti liike malire pa ndalama za maloya zomwe amayiwo akadabwezeredwa atapambana. Mu 2021 woweruza adakana pempholo, poona kuti amayiwo sankangofuna ndalama ayi, ankafunanso kuti zimene adadandaula zimveke poyera.

Amayi amene anthu ankawayesa opanda mawu, othyola tiyi wamba, adagwedeza makampani akuluakulu kutsidya kwa nyanja. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo aliyense amene ali ndi kaudindo pa anzake ayenera kumva bwino mawu amenewa.

Chodandaulitsa n'chakuti pamene amayiwa ankayang'ana ku London, lamulo lidalipo kale kwathu kuno. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Gender Equality Act mu 2013. Gawo 6 la lamuloli likuti munthu wapalamula ngati achitira mnzake khalidwe lililonse lokhudza zogonana lomwe mnzakeyo sakulifuna, kaya ndi mawu, kaya ndi zizindikiro, kaya ndi kumugwira, pamene munthu woganiza bwino akadadziwiratu kuti zimenezo zimukhumudwitsa, zimuchititsa manyazi kapena zimuopseza. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5.

Apa ndi pamene amuna ambiri amadzinamiza. Tiyerekeze kuti ndi masana pasikelo, amayi ali pamzere kukweza tiyi wawo. Kapitawo akuyandikira mayi wina, namunong'oneza kuti, "Mayi, dzina lanu lili m'manja mwanga. Madzulo ano mundipeze." Mawa lake mayiyo atakana, wapatsidwa mzere wakutali wopanda masamba. Mkuja walembedwa kuti wachedwa. Bamboyo mukamufunsa adzati ndimangocheza, sindidamugwire n'komwe. Koma khoti silidzangomvera zimene iye akuti zidali mumtima mwake. Lidzafunsa ngati mayiyo ankazifuna, ndiponso ngati munthu wanzeru zake akadaona kuti mawu otere, ochokera kwa amene wagwira ntchito yako m'manja, ndi oopseza. Kufunsira mbeta mwaulemu, nukamva kuti ayi n'kuchokapo, si mlandu. Koma kukakamira munthu atakana, kapena kusandutsa ntchito kukhala mtengo wa thupi lake, ndi mlandu. Ndipo mayi amene wavomera chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito sadavomere ndi mtima wake.

Dziwaninso kuti lamuloli silinena za amayi okha. Limati munthu. Mnyamata wolembedwa m'sitolo pa Chitakale amene abwana ake aakazi akumukakamiza zogonana ndi wotetezedwa chimodzimodzi. Silinenanso za m'minda ya tiyi mokha. Likufika muofesi ya boma, m'kalasi, mumsika wa Limbuli, ngakhale m'nyumba momwe muli mtsikana wantchito. Amene amaganiza kuti pafoni n'pobisalira adziwe kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuvutitsa munthu ndi mauthenga olaula kapena oopseza. Kugwira mkazi mosayenera ndi kugwirira ndi milandu ina yaikulu kwambiri pansi pa Penal Code, ndipo wogwirira akhoza kukhala kundende moyo wake wonse.

Olemba anthu ntchito nawonso ali ndi gawo lawo. Gawo 7 la Gender Equality Act likufuna kuti pamalo antchito pakhale ndondomeko yothetsera nkhanzazi, yomwe ipatse wolakwiridwa njira yodandaulira ndi kuonetsetsa kuti wolakwa walangidwa. Ndondomeko yongotsekeredwa m'kabati siteteza munthu. Iyenera kuwerengedwa m'Chichewa pamaso pa onse, ndipo wolandira madandaulo asakhale kapitawo yemwe uja amalemba amene wajomba, kapena mnzake womwera limodzi. Chimene chidakokera makampani aja kukhoti ndi dandaulo lakuti sadateteze antchito awo. Bwana amene amamva mphekesera n'kunena kuti izo ndi za kumudzi akuitanira kampani yake mlandu.

Kwa inu mayi, kapena inu achimwene, amene zikukuchitikirani, pali mfundo imodzi yofunika kuisunga. Lamulo silikukakamizani kudikira kuti akuntchito amalize kukambirana nkhani yanu musanapite kwina. Mutha kupita kupolisi, kunthambi ya Victim Support Unit, kapena kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission lomwe lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Ngati mwachotsedwa ntchito chifukwa chokana, pali ofesi ya zantchito paboma, pali bungwe la antchito a m'minda la PAWUM, palinso khoti la Industrial Relations Court. Sungani umboni. Musafufute mauthenga a pafoni, kumbukirani tsiku ndi malo, ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo. Ngati mwagwiriridwa, fikani kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mulandire mankhwala oteteza ku HIV.

Enafe tili ndi mlandu wathu. Mayi akaulula, timathamangira kufunsa kuti adavala chiyani, kapena n'chifukwa chiyani adakhala chete nthawi yonseyi. Mwamuna wake amamuopseza ndi ukwati, anzake pamzere amamutcha wonyengerera mabwana. Mafunso ndi mayina oterewa ndiwo amatseka amayi pakamwa, ndipo wochita nkhanzayo amapeza mpata wopita kwa wina. Mawa akhoza kukhala mlongo wanu kapena mwana wanu amene wangolembedwa kumene.

Inu a kapitawo, a foromani, aphunzitsi, mabwana a m'maofesi: udindo umene muli nawo adakupatsani kuti muyendetse ntchito. Munthu akati ayi, imvani ndipo mulekereni pomwepo. Amayi a ku Mulanje aonetsa kale kuti wothyola tiyi akhoza kuimika bwana pamaso pa woweruza. Musadikire kuti apolisi ndiwo adzakuwerengereni gawo 6.