Masitazi ya mbiri yakale: mudyerapo chiyani, aphunzitsi?

Mphunzitsi wina wa sekondale kwa Mposa, ku Machinga, wandilembera. Akufuna kukachita digiri yachiwiri ya mbiri yakale ku University of Malawi ku Zomba, koma anzake akumuseka kuti akukataya ndalama.

Aphunzitsi, tiyambe ndi za m'thumba. M'boma, pepala palokha silikweza malipiro. Pafunika mpando upezeke, a Teaching Service Commission alengeze, inu mukayankhe mafunso. Digiriyo ingokuthandizani kuoneka pakati pa anzanu. Musanalipire fizi, lembani kalata yopempha tchuthi cha maphunziro, idutse kwa ahedi mpaka ku ofesi ya South East Education Division. Kungozemba n'kuika ntchito pachiswe.

Malo olemba akatswiri a mbiri yakale ndi ochepa: ku yunivesite, ku Domasi College of Education, ku National Archives ku Zomba, kunyumba yosungira zakale ku Chichiri. Ku yunivesite, simuchedwa kufunsidwa za PhD.

Chomwe chingakudyetseni ndi mutu wa kafukufuku wanu, ndipo mutuwo mukuuponda tsiku lililonse. Nyanja ya Chilwa, yomwe mwayandikana nayo, idaphwa mu 1968, 1995, 2012 ndi 2018. Asodzi a matemba ankalowera kuti madzi akathawa? Ndani ankagawa malo olima mpunga pomwe panali nyanja, mfumu kapena boma? Agogo amene adaona chilala cha 1968 akadalipo, koma sakhala mpaka kale. Inu mumatha kulankhula nawo m'chinenero chawo, amakudziwani, sangakubisireni monga amabisira mlendo wa galimoto. Mukaika mawu awo pambali pa malipoti a ma DC a nthawi ya atsamunda, mudzatuluka ndi luso lomwe mabungwe a za usodzi ndi kusintha kwa nyengo amalipira: kufunsa anthu, kusefa umboni, kulemba lipoti lomveka. Pulofesa Wapulumuka Mulwafu adalemba buku lonse la mbiri ya alimi, boma ndi kasamalidwe ka nthaka. Nkhani za kumunda nazonso ndi mbiri.

Mitu ina ilipo: za nkhondo ya Mfumu Kawinga ndi Angerezi ku phiri la Chikala mu 1895 n'zokoma kumva, koma ine ndikadasankha nyanja.

Musanadzaze fomu, pitani ku Zomba mukacheze ndi mphunzitsi amene angayang'anire kafukufukuyo. Mufunseni ngati mutuwo angaulandire, ndiponso ngati pali thandizo la ndalama zoyendera m'midzi.