Za Mwana Wotupa Mapazi

Abale athu a m'midzi, iripo nthenda imene ife tonse tiidziwa. Mwana wa caka cimodzi kapena ziwiri aleka kusewera, tsitsi lace lifiira, mapazi ndi masaya zitupa, khungu lisupuka monga wapsa ndi moto. Pamenepo akulu ati, Ndi tsempho. Nayamba kufunsa atate ndi amai ace kuti walakwa ndani. Mlandu uli mkati, mwana alinkufooka.

M'caka ca 1933 sing'anga wamkazi, Dr Cicely Williams, wogwira nchito ku Gold Coast, dziko limene lero lichedwa Ghana, analemba za nthenda yomweyi, ndipo mu 1935 anaichula kwashiorkor. Ndilo liu la anthu a mtundu wa Ga, kunena nthenda ya mwana wocotsedwa kubere cifukwa ca mnzace wompondera. Ife kuno timati mwana watumbidwa. Sing'angayo anaona kuti anawo analeredwa ndi phala la cimanga lokha, ndi kuti ena anacira pakupatsidwa mkaka.

Tsono nthendayi siyenda yokha. Kawiri kawiri ifika mwana atadwala cikuku, malungo kapena kutsegula m'mimba. Pakuti thupi lodwala litha mphamvu msanga, koma mwanayo akana kudya, ndipo ife timleka ndi kuti, Adzadya akacira. Apa ndipo tilakwa. Mwana woonda agwidwa msanga ndi nthenda yina, ndipo nthendayo imuondetsanso.

Cifukwa cace wodwala asaleke kuyamwa. Ngati wapitirira miyezi 6, timphikire phala la mgaiwa, losati lamadzimadzi, lothira nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja. Timpatse pang'ono pang'ono, kasanu pa tsiku, momnyengerera. Akhale nayo mbale yace yace. Pakuti pa mbale ya onse akulu ace atha ndiwo iye asanameze mbamu ziwiri. Atacira, timuonjezere cakudya kamodzi pa tsiku kufikira masabata 2.

Tikakaika, tidinikize cala pamwamba pa mapazi ace onse awiri ndi kuwerenga mofatsa kufikira 3. Pakatsala kadzenje, tipite naye kucipatala tsiku lomwelo. Kumeneko ofooka kwambiri agonekedwa ndi kumwetsedwa mkaka wokonzedwera iwo. Ena apatsidwa ciponde cokadyera kwao. Cipondeco ndico mankhwala a wodwalayo yekha, tisagawire abale ace angakhale alire.