Siliva wa ku Chicoa anapita kuti?

Kalata yoyamba imene inawerengedwa Lamlungu lapitali pa pulogalamu ya mbiri yakale, pa wayilesi ina ya mumzinda wa Tete, inachokera kwa mayi wina wa ku Matundo. Mwana wawo wamkazi akuphunzira ku Prague, m'dziko la Czech, ndipo anawatumizira pa foni zithunzi za ku Kutná Hora. Pa zithunzipo iye ndi anzake avala makhoti oyera ndi zipewa zolimba, akulowa ndi nyali mumgodi wakale wa siliva. Funso la mayiwo linali lalifupi: kodi kuno kwathu, kumene timangomva za malasha a ku Moatize, kunayamba kwakhalako mgodi wa siliva?

Aphunzitsi amene amayankha makalatawa anaphunzitsa mbiri kusekondale zaka zambiri asanapume. Anayamba ndi za ku Czech komweko, koma sanakhalitseko. Anati ku Kutná Hora siliva analikodi, wochuluka moti m'chaka cha 1300 mfumu Václav II inalamula kuti ndalama za ufumu wake zizisulidwa kumeneko. Tchalitchi cha Barbara Woyera, nkhoswe ya anthu a m'migodi, anachiyamba mu 1388 n'kudzachimaliza mu 1905, ndipo mu 1995 bungwe la UNESCO linaika mzindawo pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Midzi ing'onoing'ono yoyandikana nawo, monga Kaňk, ikadali ndi milu ya miyala imene okumba anasiya.

"Amayi, kwathu kuno zinayenda mosiyana," anatero aphunzitsiwo. "Dzina la Chicoa linamveka mpaka kunyumba ya mfumu ku Ulaya, koma mgodiwo palibe anauona."

Nkhaniyo inayamba ndi nsanje. Mu 1545 anthu a ku Spain anapeza phiri la siliva ku Potosí, ku South America, ndipo Apwitikizi anafuna lawolawo. Amalonda a mu Zambezi ankanena kuti kumtunda kwa Tete, m'dera la Chicoa, limene mabuku akale amalemba kuti Chicova, kuli siliva m'dziko la Mwene Mutapa. Mu 1569 Francisco Barreto ananyamuka ku Lisbon ndi asilikali pafupifupi 1,000. Atafika ku Sena, malungo anayamba kupha anthu ake, mahatchi nawo n'kumafa. Barreto anaganiza kuti amalonda achisilamu a kumeneko akuwathira poizoni, ndipo anawapha mwankhanza. Aphunzitsi sanaifewetse nkhaniyi, ndipo anachita bwino, chifukwa anthu aja anafera mlandu wa udzudzu ndi kashembe. Barreto mwiniwake anamwalira ku Sena komweko mu 1573.

Amene analowa m'malo mwake, Vasco Fernandes Homem, ndiye anafika ku Chicoa. Wansembe João dos Santos, m'buku lake la Ethiopia Oriental la mu 1609, analemba zimene eni dziko anachita. Munthu wina anakwirira mwamseri miyala ya siliva, n'kutengera Apwitikizi pamalopo ngati wawaululira mgodi. Atakumba n'kuipeza, anamupatsa mphotho, iye n'kuzimiririka usiku. Anakumba dera lonselo osapezanso kanthu. Homem anabwerera, n'kusiya asilikali pafupifupi 200 kuti apitirize kufufuza, ndipo onsewo anathera komweko.

Aphunzitsi anapempha omvera kuti asaone munthu uja ngati wakuba. Anthu a m'deralo ankadziwa kuti mgodi ukapezeka, okumba adzakhala iwowo, ndipo sadzakumba mwa kufuna kwawo.

Kalata yachiwiri inachokera ku Ulongue, kwa mnyamata wa sekondale amene anamva kuti mzungu woyamba kudutsa m'dziko la Amaravi anali atanyamula siliva. Apa mawu a aphunzitsi anakwera pang'ono, chifukwa nkhaniyi amaikonda.

"Mwana wanga, amene anakuuza sananame."

Mu Ogasiti 1607 Mwene Mutapa Gatsi Rusere, atapanikizidwa ndi omuukira, anasaina pangano lopereka migodi ya m'dziko lake kwa mfumu ya Apwitikizi kuti amuthandize pankhondo. Amene anakonza panganolo anali Diogo Simões Madeira, wamalonda wa mu Tete muno. Mu 1614 Madeira anakamanga linga ku Chicoa n'kulitcha São Miguel, ndipo anapeza miyala ingapo ya siliva. Koma nsalu ndi mikanda zolipirira asilikali ndi kugulira chakudya sizinkafika, ndipo iye sankakhulupirira akuluakulu a kugombe amene ankamuchitira kaduka. Choncho mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamula siliva wina kuti akamuonetse kwa mfumu, osadzera njira ya Zambezi. Anawoloka mtsinje pa Tete, analowa m'dziko la Amaravi, analandiridwa ndi mfumu Muzura, anadutsa chakumwera kwa nyanja ya Malawi, n'kukatulukira ku Kilwa, kugombe la Tanzania ya lero. Chaka chomwecho njala inathamangitsa asilikali m'linga la São Miguel.

Mwa zonse zimene kufunafuna siliva kunasiya, ulendo wa Bocarro ndiwo uli ndi phindu kwa ife olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Zimene zinalembedwa za ulendowo zili m'gulu la zolemba zakale kwambiri zotchula mafumu ndi midzi ya makolo athu.

Nanga siliva amene ankapezekayo ankachokera kuti? Aphunzitsi anati akatswiri ambiri amaona kuti inali miyala yobwera nayo, yokwiriridwa dala ngati poyamba paja. David Livingstone anadutsa ku Chicoa mu 1856 akupita ku Tete, ndipo anthu amene anawafunsa sankadziwa za mgodi wa siliva. Chimene anaona m'mphepete mwa timitsinje ta m'deralo ndi malasha. Patapita zaka 155, mu 2011, kampani ya Vale inayamba kutumiza kunja malasha a ku Moatize.

Kalata yachitatu inali yolembedwa pamanja, papepala lothothola m'kope la mwana wasukulu. Inachokera kwa agogo ena a ku Chitima, amene anabadwira ku Chicoa yakale. Iwo sanafunse za siliva. Anafunsa chifukwa chimene wayilesi imakambira za Apwitikizi amene anafera kumeneko, osakamba za eni mudzi amene anasamutsidwa.

Aphunzitsi anawapepesa agogowo, n'kuwerenga kalata yonse osadumpha mzere. Kenaka anafotokoza kuti ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba mu 1969, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Khoma lake n'lotalika mamita 171, ndipo nyanja imene linapanga imafika kufupi ndi Zumbo. Anthu masauzande ambiri anachotsedwa m'minda ya m'mbali mwa mtsinje, m'mene ankakolola kawiri pachaka, n'kuikidwa m'midzi yokakamiza imene boma la atsamunda linkamanga nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu. A ku Chicoa Velha anapita ku Chicoa Nova, kumtunda kouma. Manda a makolo awo anatsala pansi pa madzi. Allen ndi Barbara Isaacman anacheza ndi ena mwa anthuwa n'kulemba buku lomwe linatuluka mu 2013, koma lili m'Chingerezi.

"Agogo, zimene mukudziwa inuzo sizili m'buku lililonse la chilankhulo chathu," anatero aphunzitsi. Anapempha adzukulu awo kuti atenge foni, akhale nawo pansi, ajambule mawu awo akutchula maina a midzi, madooko ndi mafumu amene analipo madzi asanabwere. Wolemba nkhaniyi akugwirizana ndi pempholi ndi mtima wonse. Amene anali ndi zaka 20 mu 1974 lero apitirira zaka 70, ndipo anthu a ku Kutná Hora ali ndi choonetsa alendo chifukwa analemba ndi kusunga.

Nthawi itatsala pang'ono, panawerengedwa uthenga wa dalaivala wa chapa wofunsa kumene angatengere alendo ofuna kuona mbiri imeneyi. Aphunzitsi anayankha mwachangu. Ayambire mumzinda muno, pa linga la São Tiago Maior m'mbali mwa Zambezi, pafupi ndi mlatho wa Samora Machel. Apite ku Boroma, kumtunda kwa mtsinje, akaone tchalitchi cha mishoni imene ansembe a Chijezuiti anatsegula m'zaka za m'ma 1880. Kenaka agwire msewu wodzera ku Chitima mpaka ku Songo, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ndipo ofuna kuyandikira khoma la damu ayambe apempha chilolezo kwa a HCB, kampani yoyang'anira damulo. Ku Chicoa akapeza nyanja, maboti a kapenta, ndi nsomba zouma zothira mchere zimene pamsika wa Kwachena anthu amangozitcha chicoa. Anawakumbutsanso kunyamula madzi akumwa okwanira ngati akupita mu Okutobala kapena Novembala, pamene dzuwa la kuno limaswa mtengo.

Sabata yamawa aphunzitsi adzayankha makalata okhudza linga la Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi, ndi nkhondo za Bonga za m'ma 1860. Anapempha omvera a ku Changara ndi Guro amene anamva nkhanizi kwa makolo awo kuti alembe msanga.