Kugona usana, kukhala maso usiku: Adokotala akuyankha

Tiyambe ndi kalata ya mayi a ku Zomba.

Akuti: "Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 24 anadwala chimfine chachikulu chaka chatha, ndipo mphamvu zake sizinabwererenso. Tulo timamupeza m'bandakucha, amadzuka dzuwa litapendeka, koma ali wofooka zedi. Bambo ake akuti ndi ulesi. Kodi tizimudzutsa mokakamiza?"

Ayi mayi, musatero. Ndipo bambowo ngati ali pafupi ndi wailesi, asendere kuno. Sindinamuyeze mwanayu, koma zomwe mwalongosolazi zikufanana ndi matenda a kutopa kosatha, otchedwa ME/CFS, omwe nthawi zambiri amayamba munthu akadwala matenda a vairasi, ngakhale Covid-19. Bungwe la WHO linawaika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kalekale, mu 1969. Chizindikiro chimodzi chachikulu ndi tulo tosatsitsimula: munthu amakhala ngati batire ya foni yomwe yagona pa tchaja usiku wonse koma osadzaza.

Nanga bwanji usiku wasanduka usana? Mu ubongo muli kachigawo komwe kamasunga nthawi, ndipo kamayendera kuwala kolowa m'maso. Kukada, thupi limatulutsa homoni ya melatonin yoitana tulo; kukacha, imachepa. Tsono wodwala amene amatandala chigonere m'chipinda cha mdima, mwina chifukwa kuwala kukumupweteka m'maso, usiku n'kumayang'ana pa foni poti tulo palibe, wotchi ya m'thupiyo imatsalira. Kupweteka kwa m'thupi nakonso kumathamangitsa tulo.

Choopsa n'chakuti wodwala matendawa akadzikakamiza, amadzagweratu patapita maola 12 mpaka 48, ndipo angathe masiku asanatsitsimuke. Mukamukoka pabedi 6 koloko kuti akasese pabwalo, mawa lake kapena mkuja adzalephera ngakhale kusamba. Yambani ndi kumulola agone mokwanira pa nthawi yomwe tulo tikubwera. Kenako muzibweza nthawi yodzukira pang'onopang'ono, mwina mphindi 15 zokha, n'kudikira masiku angapo musanabwezenso. Akadzuka, tsegulani katani kapena akhale pakhonde ngati maso akupirira. Tiyi ndi khofi wamadzulo asiye. Akayamba kufookerako, bwererani pomwe zinali bwino.

Kalata yachiwiri ndi ya achimwene okhala ku Johannesburg. Akuti: "Ine tulo timachedwa ndi ola limodzi tsiku lililonse, mpaka ndimazungulira wotchi yonse. Ndigule mapiritsi ogonetsa?"

Achimwene, wotchi ya m'thupi mwa anthu ambiri imapitirira pang'ono maola 24, ndipo dzuwa la m'mawa ndi lomwe limaibweza tsiku ndi tsiku. Yanu yasiya kumvera dzuwa. Mapiritsi ogonetsa angakugwetseni pabedi, koma wotchiyo saikonza, ndipo ena thupi limawazolowera moti kusiya kumavuta. Melatonin imathandiza ena, koma chinsinsi chake chili pa nthawi yomwera. Mukamwa pa nthawi yolakwika mungasokoneze zinthu kwambiri. Choncho kambiranani ndi dokotala wanu.

Wina wafunsa pa uthenga wa pafoni ngati kuthamanga kungabweretse tulo. Kwa munthu wabwinobwino, inde. Kwa wodwala ME/CFS, ayi: mu 2021 bungwe la NICE ku Britain linaleka kulimbikitsa masewera olimbitsa thupi oonjezera mlingo sabata ndi sabata ngati chithandizo cha matendawa.

Nonse atatu, musadzipatse nokha dzina la matenda. Kuchepa kwa magazi, shuga, TB, HIV, vuto la chithokomiro, matenda a nkhawa ngakhalenso mankhwala ena amabweretsa kutopa ndi kusowa tulo, ndipo zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Lembani m'kabuku nthawi yogona ndi yodzuka kwa masabata awiri, mupite nako kuchipatala akakuyezeni.