TIDZIWE MBIRI YATHU: Kuchokera kwa Jumbe mpaka pa nkhani ya hijab kusukulu



Phunziro la sabata ino ndi la mbiri. Ambiri a ife amene tidakulira ku Namitete, Nsaru, Mpingu, Nambuma kapena kwa Kabudula tidazolowera kukhala ochepa. M'kalasi monse Asilamu mumapezeka awiri kapena atatu basi, ndipo mafunso awiri sachedwa kubwera. Loyamba: "Ndiwe Msilamu, ndiye kuti ndiwe Myao eti?" Lachiwiri limapweteka: "Bwanji agogo anu ambiri sadapite kusukulu?" Mafunso onsewa ali ndi mayankho. Tikapanda kuwadziwa, timangokwiya kapena kuchita manyazi. Tiyeni tiyende limodzi.

1. Nkhotakota, khomo la Achewa

Cha m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdullah adakhazikika ku Nkhotakota ndipo ankadziwika ndi dzina laulemu lakuti Jumbe. Zombo zake zinkaoloka nyanja, katundu n'kumapitirira ulendo wapansi mpaka ku Kilwa ndi Zanzibar. Anthu amene adawapeza kumeneko adali Achewa, ndipo ambiri a iwo adalowa Chisilamu. N'chifukwa chake mpaka lero ku Nkhotakota kuli mabanja a Chichewa amene akhala Asilamu mibadwo yambirimbiri. Choncho Mchewa wa ku Nsaru akamaswali, sadabwereke chipembedzo cha mtundu wina.

Koma apa tisabise kanthu. Malonda a Jumbe adali a minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo ambiri mwa ogwidwawo ankachokera m'midzi ya kumtunda, chigawo chapakati chomwe chino. David Livingstone adakumana ndi Jumbe mu 1863 n'kukambirana naye za malondawa, ndipo mtengo umene amati adakhala pansi pake umaonetsedwabe kwa alendo. Mnzako akakuponyera nkhani imeneyi, usakane, chifukwa idachitikadi. Muuze kuti kugwira munthu mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu m'Chisilamu, ndipo amene adachita zimenezo akayankha okha pamaso pa Allah. Muuzenso za Bilal (RA), kapolo amene Abu Bakr (RA) adamuombola, n'kudzakhala woyamba kuitanira swala m'mzikiti wa Mtumiki (SAW).

2. Mafumu a Chiyao ndi cholembera

Cha m'ma 1870, mfumu Makanjira ya kum'mawa kwa nyanja idalowa Chisilamu. Mafumu ena akuluakulu monga Mataka wa ku Mozambique, Mponda ndi Jalasi adatsatira. Chimodzi mwa zimene zidawakopa chidali kulemba. Pabwalo la mfumu pankakhala mlembi wolemba makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu, wosunga mawerengero a malonda, amenenso ankaphunzitsa ana Qur'an. Mfundo iyi muisunge bwino: m'madera amenewa, anthu oyamba kugwira cholembera adali Asilamu.

Mu 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo. Harry Johnston adamenyana ndi Makanjira, Mponda ndi Jalasi mpaka 1895. Jumbe womaliza adachotsedwa pampando mu 1894 n'kutumizidwa ku Zanzibar. Munthu akadaganiza kuti basi, mafumu agonja, Chisilamu chatha. Koma zidachitika zosiyana. M'zaka zotsatirazo, pamene padalibenso mfuti kapena malonda a akapolo, ndi pamene Chisilamu chidafalikira kwambiri m'midzi.

3. Mashehe oyenda wapansi

Amene adagwira ntchitoyi adali aphunzitsi. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda adakaphunzira ku Kilwa, n'kubwerera cha m'ma 1880. Adayendayenda m'mbali mwa nyanja akuphunzitsa mpaka imfa yake mu 1930. Wophunzira wake wodziwika kwambiri, Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, adapitiriza ntchitoyi mpaka 1959, ndipo amwalimu ambiri adadutsa m'manja mwake. Anthu awa adalibe galimoto, adalibe malipiro a pamwezi, adalibe bungwe lakunja lowathandiza. Ana ankalemba ma ayah pa thabwa, akaloweza n'kutsuka, n'kulemba ena. Wophunzira ankakhala kwa shehe wake, kumulimira ndi kumunyamulira katundu paulendo, kenako iyenso n'kukatsegula madrasa kumudzi kwawo.

Sikuti zonse zidali myaa. M'nthawi yomweyi mudabuka kusiyana maganizo pakati pa a Qadiriyya, amene ankachita sikiri pamaliro, ndi a Sukuti, amene ankati maliro aziperekezedwa mwachete. Mikangano imeneyi idagawa mizikiti ina, ndipo zipsera zake tikuzionabe. Komabe mbali zonse ziwiri zidatisiyira chinthu chimodzi: mwana wa Msilamu aphunzire kuwerenga Qur'an.

4. Chisankho chowawa cha makolo athu

Tsopano funso lachiwiri lija. M'nthawi ya atsamunda, pafupifupi sukulu zonse zidali za mishoni. Kuno kuchigawo chapakati a Dutch Reformed adatsegula Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika adatsegula Likuni, n'kudzafika mpaka ku Nambuma. Boma lidakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mu 1926, koma sukulu zidakhalabe m'manja mwa mipingo. Sukulu ya mishoni idali njira yolalikira, ndipo amishoniwo sankabisa. Mwana wa Chisilamu akalowamo, kawirikawiri ankatuluka atabatizidwa, dzina litasintha.

Tayerekezani kuti ndinu bambo kapena mayi m'chaka cha 1935. Mbali iyi kuli sukulu, ntchito ya ukalaliki ndi malipiro. Mbali inayo kuli shahada ya mwana wanu. Makolo ambiri adasankha shahada. Sikudali kupusa kapena ulesi ayi. Adadziwa chimene akutaya.

Koma mtengo wake udali waukulu. Pamene anzathu ankakhala aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki a boma, Asilamu ambiri adatsalira pa utelala, usodzi, uphika, ulonda ndi geni. Pofika 1964, dziko likulandira ufulu, Asilamu ophunzira mpaka kusekondale adali ochepa zedi. Anthu amene adayamba kugwira cholembera aja adayamba kutchedwa osaphunzira. Ife lero tili ndi Chisilamu chifukwa cha chisankho chimenecho, ndipo umphawi wa m'mabanja athu ambiri udachokeranso pomwepo. Zonse ziwiri ndi zoona.

5. Pamene zinthu zidatembenuka

Ufulu utabwera, boma lidayamba kulamulira kwambiri za maphunziro, ndipo mwana sankayeneranso kusintha chipembedzo kuti apeze malo m'kalasi. Mantha a makolo sadathe tsiku limodzi, koma chitseko chidatseguka.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudabwera dokotala wa ku Kuwait, Dr Abdul Rahman Al-Sumait, kudzamanga mzikiti m'malo mwa mayi wina wa kwawo amene adapereka ndalama. Zimene adaona kuno zidamusintha. Adayambitsa komiti yothandiza Asilamu a ku Malawi, imene idakula n'kukhala African Muslims Agency, lero Direct Aid, yogwira ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Tangoganizani, ntchito yaikulu chonchi idayambira kwathu kuno. Iye adamwalira mu 2013, Allah amuchitire chifundo. Kuyambira nthawi imeneyo kudayamba kuoneka sukulu zophunzitsa za dini ndi za boma pamalo amodzi, komanso thandizo la fizi kwa ana a Chisilamu.

Pa ndale napo padasintha. Mu 1992, mabishopu a Chikatolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, padabadwa Public Affairs Committee, ndipo Muslim Association of Malawi idali m'gululo pamodzi ndi mipingo. Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera zipani zambiri, ndipo mu May 1994 Bakili Muluzi adakhala Msilamu woyamba kutsogolera dziko lino. Chaka chomwecho maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ndipo ana m'sukulu adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana ambiri a Chisilamu adalowa m'kalasi pa nthawi imeneyo.

Koma tisaiwale 1999. Zotsatira za chisankho zitatuluka, mizikiti ina kumpoto idatenthedwa ndi anthu okwiya ndi ndale. Msilamu wamba wa ku Mzuzu adalipira mkwiyo umene sadauyambitse. Dini ikamatiridwa ku chipani, chipani chikadedwa, mzikiti ndi umene umapsa.

Chitsanzo china ndi cha posachedwapa. Mu November 2019 kudabuka ziwawa ku Balaka pa nkhani ya atsikana ovala hijab pasukulu ya mpingo, anthu adavulala, katundu adaonongeka. Nkhaniyi sidathe ndi miyala. Idatha ndi zokambirana zotsogoleredwa ndi PAC, ndipo mu June 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu adasainirana mgwirizano wolola hijab m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Amene adakhala patebulo paja adali anthu odziwa dini, odziwanso malamulo a dziko.

6. Nanga ife?

Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndife 13.8 peresenti ya Amalawi. Kuno kumadzulo kwa Lilongwe ndife ochepa kuposa pamenepo. Anthu ochepa satetezedwa ndi phokoso, amatetezedwa ndi maphunziro ndi khalidwe.

Kumbukirani zimene zidachitika nkhondo ya Badr itatha mu 624. Akaidi a Chikuraishi amene adalibe chuma chodziombolera, koma ankadziwa kulemba, adapatsidwa mwayi: aliyense aphunzitse ana khumi a ku Madina, kenako amasulidwe. Aphunzitsiwo sadali Asilamu, adali adani a dzulo lomwe. Zaid bin Thabit (RA), mnyamata wa ku Madina, adaphunziranso kalembedwe ka Ayuda atalamulidwa ndi Mtumiki (SAW), ndipo ndi yemweyo amene adadzatsogolera ntchito yosonkhanitsa Qur'an m'nthawi ya Abu Bakr (RA). Choncho kuphunzira kwa munthu wa chipembedzo china si chachilendo kwa ife.

Agogo athu adakana sukulu chifukwa mtengo wake udali shahada. Lero palibe amene akutilipiritsa mtengo umenewo. Ndiye mlongo wathu wa ku Mpingu akasiyira Fomu 2 n'kukwatiwa, kapena m'bale wathu wa ku Nsaru akathawa mayeso n'kuthamangira ku Joni, tisanamizire dini. Chimodzimodzinso amene wafika ku yunivesite koma Fatiha akuiwerenga mopunthwa, swala ya Fajr adaiiwala kalekale: ameneyo wataya chimene agogo ake adachisunga ndi umphawi wawo.

Ntchito ya sabata ino ndi iwiri. Yoyamba, pambuyo pa Jumu'ah khalani pansi ndi akuluakulu a pamzikiti panu. Afunseni kuti mzikitiwo adamanga ndani, chaka chanji, mwalimu woyamba adachokera kuti ndipo adaphunzira kwa yani. Lembani m'kope, kapena jambulani mawu pafoni atakulolani. Mbiri ya ku Mangochi ndi Nkhotakota idalembedwako, koma ya mizikiti yathu ya ku Namitete ndi kwa Kabudula ili m'mitu mwa agogo, ndipo akupita mmodzimmodzi. Yachiwiri, pezani mwana mmodzi wa pamadrasa panu amene ali mu Sitandade 8 kapena Fomu 4, muzimuthandiza masamu kapena Chingerezi ola limodzi Loweruka lililonse mpaka alembe mayeso.

Allah awakhululukire mashehe ndi makolo athu amene adatsogola, awaunikire m'manda mwawo, ndipo ife atipatse maphunziro opindulitsa. Ameen.