Wapha mwanayu ndani? Mawu kwa achinyamata a ku Ntchisi

Nkhalamba ikamwalira, anthu pa siwa amakamba za mvula, za mtengo wa soya ndi za feteleza. Koma akapezeka mnyamata wa Fomu 2 atafa kudambo, kapena mtsikana amene anatumidwa kuchigayo osabwerako, nkhani imakhala imodzi basi: wachita zimenezi ndani? Funsolo ndi loyenera, ndipo mudzi umene sungalifunse ndi mudzi wopanda anthu. Chimene ndikufuna tikambirane, ana anga a ku Malomo, Kamsonga, Nthondo, Khuwi ndi anzanu a ku Mponela ndi Madisi, ndi yankho lake, chifukwa masiku ano yankho likumatuluka m'mafoni mwanumo adzukulu asanamalize kukumba manda.

Maliro otere ndawakhuzapo, ndipo dzina loyamba kutchulidwa kawirikawiri silichokera kwa munthu amene anaona kanthu. Limachokera kwa amene anali kale ndi kanthu kukhosi. Mabanja awiri analimbirana malire a munda chaka chatha, lero mwana wa banja limodzi wafa, basi nkhani yatha, wolakwa wapezeka. Pakasowa mdani wakale, anthu amatembenukira kwa omwe aja a masiku onse: gogo wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, wagolosale amene wagula galimoto anzake akulira njala (ati anakhwima), venda wachilendo amene wapachika sikelo pamsika, munthu wochokera ku Dzaleka, wodwala misala woyendayenda mumsewu. Kwathu kuno muonjezepo gule. Thupi likapezeka kufupi ndi manda, ena amaloza kudambwe asanafunse n'komwe kuti mwanayo anamuona komaliza ndani. Taonani bwino anthu amenewa. Ambiri ndi oti alibe wowaikira kumbuyo, ndipo n'chifukwa chake dzina lawo limapepuka pakamwa.

Mu Januwale 2016 ku Neno, mphezi inapha mtsikana wa zaka 17. Palibe munthu anamukhudza, inali mphezi ya m'nyengo ya dzinja. Koma anthu anati imeneyi ndi mphezi yochita kutumiza, ndipo nkhalamba zinayi za pabanja lomwelo zinaphedwa powaganizira ufiti. Banja limene limayenera kulira maliro amodzi linalira asanu. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera asanu ndi anayi anaphedwa, mmodzi wa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anamutentha ndi moto, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena akummwera. Namapopa ngakhale mmodzi sanaoneke m'khoti. Mu 2020 mphekesera yomweyo inabukanso, ulendo uno kumpoto ndi m'chigawo chathu chapakati, ndipo inu amene munali mutakula mukukumbukira mmene anthu ankagonera panja ndi zibonga, n'kumaimitsa galimoto iliyonse yachilendo.

Musaganize kuti anthu okhulupirira zimenezi ndi zitsiru. Mphekesera imamera pamene akuluakulu akhala chete. Agogo anu akudziwa za kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu pafupifupi makumi atatu anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'makomboni a Blantyre. Apolisi atalephera kugwira wakupha, kunamveka zoti boma lenilenilo ndilo likukhetsa magazi kuti libweze ngongole ku South Africa. Khoti lalikulu litamasula anthu ena amene anawagwira chifukwa umboni unali wosakwanira, a Kamuzu Banda anapsa mtima n'kupereka mphamvu zoweruza milandu yakupha ku makhoti a miyambo, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Nduna Gomile Kumtumanji inamangidwa pa nkhani yomweyo ndipo inafera m'ndende. Walla Laini Kawisa, amene anagwidwa mu 1970, anavomera ndipo anaweruzidwa kuti anyongedwe, koma mpaka lero alipo okayikira ngati munthu mmodzi akanatha kuchita zonsezo yekha. Dziko linakhala ndi makhoti amenewo mpaka nthawi ya matipate, ndipo Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa komweko.

Nkhani imene ndikufuna muisunge kwambiri ndi ya mnzanu weniweni, mnyamata wachialubino wa zaka 14 wa ku Dedza, amene anthu anamuba usiku mu Febuluwale 2019. Inali nyengo ya kampeni, chisankho chili pa 21 Meyi, ndipo dziko lonse linali litatopa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino. Apolisi anagwira anthu angapo. Mmodzi wa iwo, Buleya Lule, anatchulidwa ndi anzake m'khoti kuti ndiye ankadziwa za msika wa ziwalo za anthu achialubino. Sipanapite masiku, Lule anafa ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala Charles Dzamalala atapima thupi lake anapeza kuti anazunzidwa ndi magetsi, bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lonena zomwezo, ndipo mu 2020 apolisi angapo anamangidwa chifukwa cha imfayo. Kuchokera tsiku limene Lule anafa, aliyense anali ndi yankho lake. A chipani ichi ankati anamutseka pakamwa kuti asatchule akuluakulu a chipani icho, a chipani icho ankabweza chimodzimodzi. Maina a anthu anayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook ngati kuti khoti lagamula kale. M'phokoso lonselo, mwana uja anaiwalika. Kaya Lule ankadziwa kanthu kaya sankadziwa, zimenezo anapita nazo kumanda, ndipo sadzafunsidwanso.

Mukamaona gulu likuthamangitsa munthu woganiziridwa, miyala ili m'manja, kumbukirani zimenezo. Ngati munthuyo ndi wosalakwa, mwapha wosalakwa ndipo wakupha weniweni ali pakati panu pomwepo, mwina ndiye akukuwa kwambiri. Ngati ndi wolakwadi, mwapha yekhayo amene akanatchula anzake, womutuma ndi kumene kuli thupi. Mbali zonse ziwiri wapindula ndi chigawenga.

Sindikukuuzani kuti apolisi akanena kanthu muzingoti inde bwana. Pa 24 Seputembala 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, anapezeka atafa pasukulu pomwepo. Apolisi anati wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba, ndipo anaonetsa makalata amene ankati anasiya. Anzake, makolo ake ndi atolankhani anakana. Zotsatira za kupima thupi zinasonyeza kuti anamenyedwa m'mutu, ndipo mu 2012 komiti yofufuza imene anaikhazikitsa mayi Joyce Banda, motsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, inanena poyera kuti Chasowa anachita kuphedwa. Okayikira aja analondola. Koma onani chimene anachita: anafunsa mafunso amene ali ndi mayankho. Mabala ali pati? Munthu wogwa kuchokera pamwamba amathyoka motani? Kalatayi analemba ndani? Anamutenga ndani usiku umenewo? Mafunsowo anawaponya kwa anthu a udindo, mobwerezabwereza, ena akuika moyo wawo pachiswe. Imeneyo si mphekesera. Ndi zoona kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo padutsa zaka zoposa khumi mlanduwo osafika kumapeto, komabe lero palibe angaime pagulu n'kunena kuti Chasowa anadzipha.

Ndiye mtima ukamawawa, funso lanu lizikwera kumtunda, kwa mkulu wa polisi pa boma, kwa a CID, kwa khansala, kwa phungu, kwa gogo chalo. Kufunsa wapolisi kuti fayilo ya mnzathu ili pati kumafuna kulimba mtima. Kuloza nyumba ya gogo sikufuna kulimba mtima kulikonse, ngakhale woledzera amatha.

Tsopano za inu eni. Mnyamata kapena mtsikana akaphedwa, amene amadziwa za masiku ake omaliza nthawi zambiri si makolo ayi, ndinu anzake. Ndinu mukudziwa amene ankamuimbira foni usiku, wakabaza amene ankamunyamula, bambo amene ankamugulira mayunitsi, ngongole imene anatenga, mantha amene anakuuzani pobwera kumpira. Musanatsegule pakamwa, gawani zimene muli nazo pawiri: zimene munaona ndi maso anu kapena kumva ndi makutu anu kwa malemuyo, ndi zimene mwamva kwa ena. Chilichonse choyamba ndi mawu oti akuti chisiyeni pomwepo. Chimene munaona, chilembeni papepala tsiku lomwelo, ndi nthawi yake ndi malo ake, chifukwa pakatha sabata mukumva nkhani za pa siwa, mutu umayamba kusakaniza, ndipo mudzalumbira kuti munaona chinthu chimene munangochimva. Mauthenga a pafoni musafufute ngakhale ali ochititsa manyazi. Kenaka pitani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya atsibweni, kaya aphunzitsi, kaya abusa, mukanene kupolisi. Ngati mukuopa pakauntala, funsani ofesi ya Victim Support Unit. Ngati simunakwane zaka 18 ndipo mukusowa poyambira, nambala ya 116 ndi yaulere.

Umboni womwewo mukauponya pagulu la WhatsApp mwauwononga. Woganiziridwayo ali ndi mlamu wake m'gulumo, ndipo pofika madzulo wataya simu khadi, wawotcha malaya, wakwera minibasi ya ku Kasungu. Mwadziikanso pangozi nokha, poti tsopano akudziwa kuti mboni ndinu.

Thupi likapezeka, musathamangire kukaunjikana pamalopo. Mapazi a anthu mazana awiri amafafaniza mapazi a munthu mmodzi amene timamufuna. Musatole kanthu, musasunthe kanthu, ndipo chonde musajambule. Mayi asamve za imfa ya mwana wake poona chithunzi pafoni ya mnzake kumjigo. Pa nkhani yoika maliro, athandizeni akuluakulu kudekha. Kunyumba kulibe mufiriji, anthu asonkhana, ufa ukutha, ndipo aliyense amafuna mwambo uthe msanga. Ena amakananso zoti thupi la mwana wawo ling'ambidwe, ndipo ndimawamvetsa. Koma akatswiri opima matupi m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo thupi likalowa m'manda osapimidwa, kulifukula kumafuna chilolezo ndi ndalama zimene mabanja ambiri sangazione. Nkhani ya Chasowa ndi ya Lule zinadziwika chifukwa dokotala anaona matupi awo.

Chinanso chimene chimautsa mkwiyo ndi belo. Mwaona munthu atamangidwa Lolemba, pakutha pa mwezi mukumuona akumwa tiyi pamsika, basi mwati apolisi adya ndalama. Nthawi zina ziphuphu zimakhalapodi, tisanamizane. Koma malamulo a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo amatengedwa wosalakwa mpaka khoti litagamula. Belo si kumasulidwa. Mlandu wakupha suthera kwa majisitireti pa boma, umapita kukhoti lalikulu, ndipo kumeneko mzere ndi wautali. MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, anaphedwa mu 2018, chigamulo chinabwera mu 2022. Anthu khumi ndi awiri anapezeka olakwa, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Ndani pa siwa akanayamba ndi maina amenewo? Akanapsa ndi mlendo wina wongodutsa. Mlandu suola, koma umafuna mboni zamoyo zimene zingapirire zaka zinayi osasintha mawu. Mukaona kuti fayilo yagona dala, kuli Malawi Human Rights Commission, kulinso Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi. Lembani kalata, musayine ambiri, amfumu adindepo chidindo, ndipo musunge kope lanu.

Dziwaninso kuti lamulo silimuona wofalitsa ngati wongocheza. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la ufiti la 1911, ndipo lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti limafikira zimene mumatumiza pafoni. Mawu ojambulidwa amene mwangowakankhira kugulu lina ali ndi nambala yanu pamwamba. Amene anawayambitsa sadzapezeka, adzapezeka inu.

Koma ine chimene chimandiwawa si ndende. Ndi ana a munthu wotchulidwayo. Khoti likhoza kumumasula, wakupha weniweni akhoza kugwidwa patapita zaka, koma kusukulu anawo adzakhalabe ana a wopha anthu, mwana wamkazi adzasowa womufunsira mbeta, ndipo banjalo lidzagulitsa munda motchipa n'kusamukira kumene sakulidziwa. Sindinaonepo mudzi utasonkhana pabwalo kupepesa munthu amene unamunamizira. Choncho wina akakutumizirani dzina usiku wa maliro, mufunseni kuti iye anaona chiyani. Akati wangomva, muuzeni kuti inu simutumiza. Akati anaonadi, muuzeni avale nsapato, mumuperekeze kupolisi kukacha.